Ntchito ya madola yapezeka, kodi ndibwerere kwathu ku Nchalo?

"Achimwene, ndine mnyamata wa zaka 28, kwathu ndi ku Nchalo m'boma la Chikwawa. Zamakompyuta ndinaphunzira ku MUBAS, ndipo kwa zaka zinayi ndakhala ndikulemba mapulogalamu pa kampani ina mu Blantyre, komwe ndimalandira K950,000 pamwezi asanadule msonkho. Tsopano kampani ina ya ku Ulaya yandilonjeza madola 1,500 pamwezi kuti ndiziigwirira ntchito ndili kunyumba. Ndinasangalala kwambiri, mpaka nditamva kuti mnzanga wa ku Germany yemwe tizigwira naye ntchito yofanana amalandira kuposa katatu ndalama imeneyi. Nditafunsa anandiyankha kuti kwathu kuno moyo ndi wotsika mtengo. Kodi akundibera? Komanso ndikuganiza zosiya nyumba ya lendi ku Chilomoni n'kubwerera ku Nchalo kufupi ndi mayi anga, poti nyumba kumeneko sizidula. Ndichite bwanji?"

Achimwene, zikomo polemba. Mtima ukhale m'malo kaye. Zimene mwakumana nazozi si zachilendo, ndipo sizikutanthauza kuti luso lanu ndi lopepuka poyerekeza ndi la mnzanuyo. Ine ntchito yolemba mapulogalamu ndaigwira zaka zoposa 15, zina muofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, zina ndili pakhonde kwathu ku Ngabu, ndipo mawu akuti "kwanu moyo ndi wotsika mtengo" ndawamva kambirimbiri moti ndimawadziwa asanatuluke pakamwa. Musafulumire kusaina, komanso musafulumire kukana chifukwa cha mkwiyo.

Makampani olemba anthu ogwira ntchito ali kutali sagwirizana pa nkhani ya malipiro. GitLab, kampani yomwe antchito ake ali m'maiko ambiri ndipo onse amagwirira kunyumba, inalemba poyera kuti malipiro ake amatengera dera lomwe munthu akukhala: amayambira pa mtengo wa ku San Francisco, mzinda wodula wa ku America, n'kuutsitsa malinga ndi komwe uli. Basecamp, kampani inanso ya mapulogalamu, inasankha njira ina. Mu 2017 inalengeza kuti aliyense azilandira pa mtengo wa ku San Francisco, kaya akukhala kuti. Ochita ngati Basecamp ndi owerengeka, ambiri amatsata njira yoyamba ija, ndipo kampani yanuyo ili m'gulu limenelo.

Koma ndikuuzeni zomwe sakutchula. Akamati akuwerengera kudula kwa moyo, si kuti afufuza mtengo wa thumba la chimanga pa msika wa Nchalo. Sakuudziwa n'komwe. Funso lomwe lili m'mutu mwawo ndi lakuti: munthu uyu tikampatsa zochepa, angapite kuti? Mnzanu wa ku Germany akakana lero, mawa makampani ena amuimbira foni. Inuyo akudziwa kuti mukakana mubwerera ku malipiro a kwacha. Mlimi wa thonje wa kwathu ku Ngabu nkhani imeneyi amaidziwa bwino: wogula akakhala mmodzi pa sikelo, mtengo amatchula ndi iyeyo, ndipo kudandaula kuti mankhwala opopera anadula sikusintha kanthu. Chimene chimasintha mtengo ndi kubwera kwa wogula wachiwiri. Choncho sindinganene kuti akukuberani. Akugula motchipa chifukwa akuona kuti angathe. Mnzanuyonso ndalama yomwe mwamvayo sailandira yonse m'manja, pakuti ku Germany msonkho, inshuwalansi ya zaumoyo ndi penshoni zimatenga gawo lalikulu, lendi ya ku Berlin kapena Munich n'kumaliza. Komabe ngakhale mutachotsa zonsezo, iye akutsala ndi zambiri kuposa inu, ndipo palibe chifukwa chodzinamiza.

Tsono tiwerenge ndalama yanuyo. Pa mtengo wa kubanki, womwe kuyambira mu 2024 wakhala pafupi ndi K1,750 pa dola, madola 1,500 ndi K2,625,000. Kuyika pambali pa K950,000, munthu akhoza kuvina. Koma ndalama ziwirizi si zamtundu umodzi. Funsani funso ili musanachite china chilichonse: kodi akukulembani ngati wantchito wawo, kapena ngati munthu woima payekha wogwira ntchito pa kontrakiti? Kampani yomwe ilibe ofesi ku Malawi nthawi zambiri imasankha kontrakiti, ndipo pamenepo zinthu zambiri zomwe panopa simuziona zimagwera pamutu panu. Lamulo la penshoni m'dziko muno limati olemba ntchito aziyika 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Pa K950,000, ndiye kuti abwana anu amakusungirani mpaka K95,000 mwezi uliwonse yomwe simuigwira m'manja. Ikatha ntchitoyo, yathanso imeneyo. Ngati kampani yanu imakulipirirani MASM kapena sikimu ina ya kuchipatala, muyamba kulipira nokha. Tchuthi cholipidwa mwina palibe. Mukadwala malungo sabata yathunthu, ndipo ku Chigwa cha Shire udzudzu suchita kusakidwa, kontrakiti zina sabata imeneyo saiwerengera. Laputopu ikafa, palibe ofesi yokakudandaulirani.

Ine ndimauza achinyamata kuti pa ndalama ya kontrakiti azichotsa kaye msonkho, penshoni yodzisungira okha, za kuchipatala, intaneti, magetsi, ndi kandalama kogulira laputopu ina pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Kenako aziwerenga ngati chaka chili ndi miyezi khumi yolandira, osati 12, chifukwa kontrakiti imatha mwadzidzidzi ndipo kupeza ina kumatenga nthawi. Chotsalacho ndiye malipiro enieni. Kwa inu, ndikuona kuti chotsalacho chikuposabe zomwe mukulandira panopa, koma osati pafupifupi katatu ngati momwe zikuonekera papepala.

Ubwino waukulu wa ntchitoyi suli pa kuchuluka kwa ndalama kokha, uli pa mtundu wa ndalamayo. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Wolandira kwacha anagona ndi malipiro ena n'kudzuka ndi ena, ngakhale pa pepala la malipiro manambala sanasinthe. Wolandira madola anatetezeka. Pa chifukwa chimenechi onetsetsani kuti kontrakiti yalemba madola kapena mayuro. Pali makampani ena ochenjera omwe amagwirizana nawe mu madola koma polemba n'kusandutsa kwacha pa mtengo wa tsiku losainiralo. Zimenezo muzikane.

Chovuta n'chakuti inu madola anu musintha pa mtengo wa kubanki, pamene katundu wambiri wochokera kunja m'masitolo amagulitsidwa motsatira mtengo wa pamsewu, womwe ndi wokwera kwambiri. Apa ndi pomwe ambiri amagwa m'mayesero. Padzapezeka munthu wokuuzani kuti ndalama zanu zizipita ku akaunti ya msuweni wake ku Johannesburg kapena ku Dubai, iye azikupatsani kwacha zambiri kuno. Musatero. Kusintha ndalama zakunja kunja kwa mabanki ndi malo ovomerezeka ndi mlandu, ndipo tsiku lomwe munthuyo adzathimitse foni simudzakhala ndi kolowera, chifukwa kupolisi mukadzineneza nokha. Pitani ku banki yanu, funsani za akaunti ya ndalama zakunja, ndipo akufotokozereni malamulo a Reserve Bank omwe alipo panopa pa gawo lomwe liyenera kusinthidwa kukhala kwacha, pakuti malamulo amenewa amasinthasintha. Funsaninso zomwe amadula ndalama ikamabwera pa SWIFT, njira yomwe mabanki amatumizirana ndalama pakati pa maiko, chifukwa mabanki a panjira nawonso amabudulako. Makampani ena amalipira kudzera pa makampani otumiza malipiro pa intaneti monga Payoneer kapena Deel. Yesani njira yomwe asankhayo ndi ndalama yochepa kaye, muone masiku omwe ikutenga ndi zomwe zikuduka.

Tibwere ku nkhani ya ku Nchalo, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa ya mnzanu wa ku Germany.

N'zoona, lendi ndi yotsika. Nsomba, nyama ya mbuzi, mapira, mbatata, zonsezi mupeza pa mtengo wabwino kuposa ku Chilomoni, ndipo ulendo wa pakabaza sungafanane ndi minibasi ziwiri tsiku lililonse. Kukhala kufupi ndi mayi ndi chinthu chomwe sitingachiyike pa sikelo. Koma kutsika mtengo kwa moyo ndi kutsika mtengo kwa ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nsima ndi yotchipa, laputopu ayi. Laputopu yomwe mnzanu amagula pa sitolo ya kuseri kwa nyumba yake, inu muigula modula kuposa iye ikawoloka malire. Batire, sola, inverter, rauta, zonsezi mitengo yake imayendera dola. Mawu oti "kwanu n'kotchipa" amaiwala zimenezi, ndipo ndi mfundo yomwe muyenera kuwauza.

Kutentha kwa kwathu mumakudziwa, koma mwina simunakuonepo ndi maso a munthu wogwira ntchito pa kompyuta. Mu October ndi November kumapitirira madigiri 40. Chaka choyamba nditabwerera ku Ngabu ndinkagwirira m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Pofika 11 koloko m'mawa fani ya laputopu inkalira ngati chigayo, makina n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, pulogalamu yomwe imamangika m'mphindi ziwiri n'kumatenga khumi. Ndinkaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi, ine thukuta likudonthera pa kiyibodi, thaulo lonyowa lili m'khosi. Batire ya laputopuyo inatupa chaka chisanathe mpaka kukankha kiyibodi m'mwamba. Kuchokera pamenepo ndinaphunzira kuti ntchito yolemera ndiziigwira kuyambira 5 koloko m'mawa, masana ndizingoyankha mauthenga, komanso kuti siling'i ndi fani si zamanyado, ndi zipangizo za ntchito. Mabatire a sola nawonso sakonda kutentha, amatha msanga akakhala m'chipinda chotentha, choncho muwapezere malo ozizirirako.

Magetsi ndi nkhani ina. Mukukumbukira January 2022, namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira, konkuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Kuzimazima kunatenga chaka chonse mpaka makinawo anakonzedwa mu 2023. Mu March 2023 kunabwera Freddy, misewu ndi milatho n'kuduka, madera ena a Chikwawa ndi Nsanje osafikika kwa masiku. Abwana a ku Ulaya tsiku loyamba adzakumverani chisoni, lachiwiri adzakufunsani ngati muli bwino, sabata yachiwiri adzayamba kufunsana okhaokha ngati angadalire munthu wa ku Malawi. Si nkhanza, nawonso ali ndi makasitomala. Choncho musanasamuke, gulani sola ndi batire zokwanira kuyendetsa laputopu, rauta ndi fani kwa tsiku lonse la ntchito popanda magetsi a ESCOM. Nyumba muisankhe pamtunda, ndipo funsani achikulire a pamalopo kuti madzi a 2015, 2019, 2022 ndi 2023 anafika pati. Iwo sanama pa nkhani imeneyi.

Intaneti musamangomva za m'maluwa. Tengani simu ya Airtel ndi ya TNM, mupite pa nyumba yeniyeniyo yomwe mukufuna kukhala, muyese kuimba foni ya kanema m'mawa, masana ndi madzulo. Netiweki ikhoza kukhala yamphamvu pa msika n'kufooka mukangoyenda mtunda pang'ono, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali nsanja zina zimafooka nazo. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inayamba kupezeka m'dziko muno mu 2023 ndipo kwa anthu ngati ife yasintha zinthu, koma zipangizo zake ndi zodula, imafuna magetsi ake, ndipo mvula yamphamvu imaisokoneza. Khalani ndi njira ziwiri nthawi zonse.

Pali mtengo wina womwe sulembedwa paliponse. Mbiri ikangomveka kuti mwana wa mayi uje akulandira madola, pakhomo panu pasanduka ofesi. Fizi ya mwana wa achemwali, maliro, mbewu, wodwala wofunika kupita naye ku Queens, malata omwe mphepo yasasula. Sindikunena kuti musathandize, tonse tinaphunzira ndi ndalama za anthu ena. Koma ikani malire mwezi usanayambe, ndalama yothandizira abale ikhale ndi dzina lake ndi mlingo wake, ndipo malipiro anu enieni asadziwike ndi aliyense kupatula inu ndi banki. Komanso kumudzi munthu wokhala pakhomo tsiku lonse amaoneka ngati alibe chochita. Adzakutumani kuchigayo muli pakati pa msonkhano. Mayi muwafotokozere bwinobwino kuti chitseko chikatsekedwa ndiye kuti mwapita kuntchito.

Pa nthawi muli ndi mwayi. Malawi ali pa nthawi yofanana ndi Germany m'miyezi yawo yotentha, ndipo m'miyezi yawo yozizira timasiyana ndi ola limodzi lokha. London timasiyana ndi ola limodzi kapena awiri. Ikanakhala kampani ya ku California, komwe timasiyana maola 9 kapena 10, bwenzi misonkhano yanu ikuyamba anzanu akudya mgonero. Imeneyi ndi mfundo yoti muigwiritse ntchito pokambirana: inu mulipo nthawi yomwe iwo alipo, zomwe munthu wa ku Philippines sangawapatse mosavuta.

Pokambiranapo, musatchule lendi yanu, musatchule zomwe mukulandira panopa, ndipo musawauze kuti mukusamukira kumudzi komwe n'kotchipa. Mukatero mwawapatsa nokha chifukwa chotsitsira. Musayambenso ndi mawu oti mnzanga akulandira zambiri, chifukwa yankho lake ali nalo kale. Lankhulani za zomwe mwapanga: pulogalamu yomwe munamanga, anthu angati akuigwiritsa ntchito, vuto lomwe munathetsa. Ngati munalumikizapo pulogalamu ndi Airtel Money kapena Mpamba, kapena munapanga yogwira ntchito pomwe netiweki ndi yofooka, limenelo ndi luso lomwe ambiri a ku Ulaya alibe. Tchulani nambala yokwererapo, mwachitsanzo madola 2,200, ndipo mukatchula mukhale chete. Achinyamata athu ambiri amatchula mtengo kenako n'kuyamba kupepesa okha asanayankhidwe. Tinaleredwa kuti kutchula mtengo pamaso pa wamkulu ndi mwano, koma kwa iwo ndi mbali ya ntchito ndipo amayembekezera kuti mutero. Akakana kukweza, pemphani zina: akugulireni laputopu, azikulipirirani intaneti, akupatseni masiku a tchuthi olipidwa, ndipo alembe mu kontrakiti kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzaonanso malipiro. Zoterezi makampani amavomera msanga kuposa kukweza malipiro a pamwezi.

Kontrakitiyo muiwerenge mzere ndi mzere. Ine ndinagwirapo ntchito miyezi itatu kwa kampani ina yakunja pongodalira maimelo ndi mawu okoma. Mwezi woyamba analipira, wachiwiri anati akudikira ndalama kwa omwe amawathandiza, wachitatu munthu yemwe ndinkalankhula naye anasowa. Pulogalamu yonse yomwe ndinalemba ndinali nditapereka kale. Kukasuma kunafunika loya wa kudziko lawo, yemwe mtengo wake unkaposa ngongoleyo, ndiye ndinangoimeza. Kuyambira pamenepo ndimaonetsetsa kuti mwalembedwa tsiku lolipira, ndalama yake, masiku ochenjezana kontrakiti isanathe, dziko lomwe malamulo ake adzagwire ntchito pakabuka mkangano, komanso ngati ndikuloledwa kugwirira ena ntchito. Malipiro akachedwa kupitirira sabata ziwiri, ndimaima. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye ndalama ya maphunziro, ya zipangizo kapena yolembetsera kuti muyambe ntchito, ameneyo ndi wakuba, ngakhale kalata yake itakongola bwanji.

Dziwaninso kuti msika umenewu umagwedezeka. Mu November 2022 Meta, mwini wake wa Facebook, inachotsa anthu 11,000, mu January 2023 Google inachotsa 12,000 ndipo Microsoft 10,000. Kufupi ndi kwathu, Andela, yomwe inayamba ku Lagos mu 2014 pophunzitsa achinyamata a mu Africa kulemba mapulogalamu, mu 2019 inachotsa mazana a ongoyamba kumene n'kutembenukira kwa odziwa kale ntchito. Zikavuta, oyamba kuchotsedwa amakhala a kontrakiti. Ndiye miyezi yoyamba musathamangire galimoto kapena kuyamba maziko a nyumba. Sungani kaye ndalama yokwanira kukhala miyezi isanu ndi umodzi osalandira kanthu. Ku kampani yanu ya ku Blantyre muchoke mwaulemu, mupereke notisi yonse, musiye ntchito m'manja mwa anzanu bwinobwino. Anthu a zamakompyuta m'dziko muno ndi ochepa, onse amadziwana, ndipo tsiku lina mudzafuna kalata kapena ganyu kwa omwewo.

Pali zinthu zomwe ine ndi malangizo anga sitingakwanitse. Za msonkho, ntchitoyi muziigwirira pa nthaka ya Malawi, choncho MRA ili ndi gawo lake, ndipo palibenso abwana okuduliranitu PAYE. Pezani akauntanti wovomerezeka ndi bungwe la ICAM akuthandizeni kulembetsa TPIN, nambala yanu yokhomera msonkho, akuuzeni nthawi yolipira ndi zomwe mungachotse ngati zowonongera pa ntchito. Sungani malisiti a sola, intaneti ndi laputopu. Kulipira akauntanti kamodzi n'kotchipa kuposa chindapusa cha zaka zitatu. Kontrakiti ikakhala ndi ndime zoletsa kugwirira ena ntchito, kapena zonena kuti mudzalipira kampaniyo pulogalamu ikalakwika, muonetseni loya musanasaine. Ndipo ngati mutayamba ntchito n'kuona kuti tulo tasowa, mutu ukupweteka tsiku ndi tsiku, kapena kukhala nokha m'chipinda kwayamba kukulemerani, pitani kuchipatala ndipo muuzeko wina. Ntchito ya kunyumba imadya munthu mwakachetechete.

Mukanakhala mng'ono wanga, ndikanati ntchitoyi muitenge mutakambirana kaye za mtengo, koma nyumba ya ku Chilomoni musaisiye pompano. Gwirani miyezi itatu kapena inayi muli ku Blantyre, muone ngati akulipira pa nthawi yake, mugule sola ndi zina zonse ndi ndalama yawo yomweyo. Kenako tsikani ku Nchalo mukayese mwezi umodzi, makamaka wa October, mukadzionere nokha ngati thupi lanu ndi laputopu yanu zingapirire. Nchalo ndi Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 80 basi, mayi mutha kumawaona Loweruka lililonse m'nyengo yoyeserayo. Ndipo kuyambira mwezi woyamba, ngakhale zonse zikuyenda bwino, sabata iliyonse muzipatula maola awiri ofunsira ntchito kwina, kuti pofika tsiku lokambirananso malipiro lija mudzakhale muli ndi kalata ya kampani yachiwiri m'manja.